Msomali Wopanda Nsonga: Ulendo wa Rivet Kuchokera ku Nyanja ya Malawi Kukafika ku Diepsloot

Mbiri ya maulendo a Amalawi opita ku Joni imakambidwa kawirikawiri kudzera m'zinthu zikuluzikulu: migodi ya golide, ndege za Wenela, mabasi odutsa ku Tete ndi ku Beitbridge, ndiponso ndalama zotumiza kumudzi. Koma mbiri yomweyo tingathe kuiwerenganso pa kachitsulo kosaposa chala cha mwana, kamene amisiri amakatchula kuti rivet. Rivet ndi msomali wopanda nsonga. Imalowa pabowo loboola kale, kenako mbali yake yachiwiri imatupitsidwa n'kukhala mutu wina, ndipo zitsulo ziwiri zimagwirana osasiyananso.

Ku Diepsloot, kumpoto kwa Johannesburg, nyumba zambiri ndi za malata kuyambira khoma mpaka denga. Mmisiri wa kumeneko amene ntchito yayamba kumukulira amafika pa funso ili: apitirize ndi ka rivet gun ka dzanja limodzi, kapena agule chida chachikulu chokhoza kukoka ma rivet onenepa? Limamveka ngati funso la m'sitolo ya zitsulo basi. Komatu zaka 100 zapitazo, munthu wochokera ku Nyasaland amene ankagwira ntchito ku Johannesburg sakadalifunsa n'komwe. Iye ankanyamula chitsulo, koma luso lochilumikiza, ndi malipiro ake omwe, lamulo lidazisungira ena.

Ntchito ya anthu anayi

Chitsulo sichidabwere ndi Azungu. Makolo athu ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi, ndipo zotsalira za ng'anjozo zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu ndi m'mapiri a kumpoto. Ankasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Chimene chidabwera ndi sitima zapamadzi ndi njanji ndi luso lina: kulumikiza mapepala akuluakulu a chitsulo kuti apange chinthu chachikulu kuposa nyumba.

Nthawi imeneyo njira yake idali rivet yamoto, ndipo inkafuna anthu anayi. Woyamba ankawotcha rivet pamakala mpaka ifiire. Wachiwiri ankaitenga ndi chopanira n'kuilowetsa pabowo. Wachitatu ankakhala kuseri, atatsamiritsa chitsulo cholemera pamutu wa rivet kuti isabwerere m'mbuyo. Wachinayi ankamenya ndi nyundo mbali inayo isanazizire. Rivet ikamazizira imafupika pang'ono, ndipo kufupikako ndi kumene kumakokera zitsulo pamodzi mpaka madzi osadutsa. Mutu umodzi susenza denga: mmodzi mwa anayiwo akachedwa, rivet inkazizira, ndipo ankayenera kuidula n'kuyambiranso. Umu ndi momwe idamangidwira nsanja ya Eiffel ku Paris m'chaka cha 1889, ndi ma rivet pafupifupi 2.5 miliyoni.

Luso limeneli lidafika ku Nyanja ya Malawi pamitu ya anthu. Sitima yoyamba ya Ilala, ya mishoni ya Livingstonia, idaphwasulidwa kumunsi kwa mathithi a mtsinje wa Shire, amtengatenga mazanamazana n'kuinyamula zidutswazidutswa, ndipo idalowa m'nyanja mu Okutobala 1875. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya sitima ya Chauncy Maples, ya mishoni ya UMCA. Idapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan, n'kutumizidwa m'mitolo 3,481. Boyila yake yokha, yolemera matani 11, sikadatheka kuigawa, choncho amuna 450 achingoni adaikoka pangolo kulambalala mathithi. Zidutswazo zitafika kum'mwera kwa nyanja padabuka vuto: manambala osonyeza malo a chidutswa chilichonse adali atakwiririka pamene zitsulozo zinkakutidwa ndi zinki woteteza dzimbiri. Amisiri adachita kufunafuna malo a chidutswa chilichonse, ndipo sitimayo idayamba kuyandama m'chaka cha 1901.

Milatho ikuluikulu ya pa Zambezi idamangidwanso ndi ma rivet: wa pa Victoria Falls m'chaka cha 1905, ndi wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita oposa 3.6, umene udatsegulidwa m'chaka cha 1935 kulumikiza njanji ya Nyasaland ndi doko la Beira. Ilala imene tikuidziwa lero, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland m'chaka cha 1949, idabwera zidutswazidutswa kudzera pa njanji yomweyo ndipo idayamba maulendo ake m'chaka cha 1951.

Pa ntchito zotere, ndi m'mashopu a mishoni ndi a njanji, anthu akuda a ku Nyasaland adaphunzira zambiri. Sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, imene idayamba m'chaka cha 1894, inkaphunzitsa ntchito zamanja pamodzi ndi za m'kalasi. Choncho ena mwa amene ankatsika kum'mwera kukafuna ntchito sankapita manja okhaokha. Ankapita ndi luso.

Kunyamula inde, umisiri ayi

Johannesburg idayamba m'chaka cha 1886 ngati mudzi wa matenti ndi malata. Migodi itazama idafuna maboyila, akasinja, mapaipi ndi nsanja zachitsulo za pakamwa pa mgodi, ndipo zonsezi zinkalumikizidwa ndi ma rivet. Mmisiri wa maboyila adali mmodzi mwa antchito olemekezeka ndi olipidwa bwino pamgodi. Ulemu umenewu udatchingidwa ndi mpanda. Lamulo la migodi la 1911 lidatsegula njira yosungira Azungu ntchito zaluso, ndipo lidalimbitsidwa m'chaka cha 1926, patatha zaka zinayi chichitikireni kuukira kwa antchito achizungu a m'migodi kwa 1922. Lamulo la maphunziro a umisiri la 1922 lidaika muyeso wa sukulu umene ana ambiri akuda sakadaufikira. Zotsatira zake zidali zakuti munthu wakuda ankatha kupemerera moto, kunyamula mabotolo a gasi, kugwira kuseri kwa chitsulo zaka 20, n'kudziwa ntchito yonse, koma pabuku la malipiro n'kukhalabe wothandizira.

Si kuti anthu a kwathu adangovomera. Clements Kadalie, wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, amenenso adaphunzira ku Livingstonia, adayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919, ndipo m'zaka za m'ma 1920 bungwelo lidakula kuposa ena onse a antchito akuda m'dzikolo. Komabe mpanda wa umisiri udakhalitsa. Anthu akuda adayamba kuloledwa mokwanira kulembetsa maphunziro a umisiri pambuyo pa lipoti la Wiehahn la 1979 ndi lamulo la 1981.

Pofika nthawi imeneyo, njira yakale ya Amalawi yopitira ku migodi idali itayamba kutsekeka. Cha m'ma 1973 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu. Kulembako kudayambiranso pang'ono m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la Teba, koma kudatheratu pa mkangano wa kuyeza magazi, pamene Amalawi pafupifupi 13,000 adabwezedwa pakati pa 1988 ndi 1992.

Amene ankabwerako bwino ankabwera ndi njinga, wailesi, makina osokera, ndipo koposa zonse ankamanga nyumba ya malata. M'midzi ya ku Mzimba, Nkhata Bay, Dedza kapena Mangochi, denga lonyezimira lidali umboni woti mwamuna sadapite pachabe ndipo sadatchone. N'chifukwa chake zimawawa kuona kuti zidzukulu za anthu omwewo, zikafika ku Joni lero, zimagona m'malata amene kumeneko ndi chizindikiro cha umphawi.

Rivet ya munthu mmodzi

Pamene malamulo ankatchinga luso, chitsulo chenichenicho chinkasintha. Opanga ndege adali ndi vuto: mkati mwa phiko la ndege simulowa munthu woti agwire kuseri. M'chaka cha 1934 kampani ya George Tucker Eyelet ya ku Birmingham, ku England, imene inkapanga timphete ta mabowo a zingwe za nsapato, idayamba kupanga rivet yomangikira mbali imodzi, yodziwika lero kuti pop rivet.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Rivet ndi kapaipi kofewa kokhala ndi mutu, ndipo mkati mwake mumadutsa kamsomali kolimba kokhala ndi kampira kumapeto. Chida chimaluma kamsomaliko n'kukakoka. Kampira kaja kamalowa m'kapaipi n'kukatupitsa kuseri kwa chitsulo. Zitsulo zikagwirana, kamsomali kamaduka pamalo pamene adakafooketsa dala, n'kumveka kuti pho! Dzina la pop lidachokera pa phokoso limenelo. Sipafunika moto, nyundo, kapena munthu wachiwiri.

Ntchito zolemera zidapita kwina. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse sitima zambiri zidayamba kuwotchereredwa, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 mabawuti olimba adalowa m'malo mwa rivet yamoto pa milatho ndi nyumba zazitali. Gulu la anthu anayi lija lidatha. Rivet imene idatsala m'manja mwa anthu wamba ndi yaing'ono iyi, ndipo chida chake chimakwana m'chikwama. Palibe satifiketi imene imafunika kuti uchigule.

Kwathu amisiri okhoma zidebe, mbaula ndi makeni othirira dimba, monga timawaonera m'misika ya Ndirande kapena Lilongwe, adali kale ndi rivet yawoyawo. Amadula msomali kapena waya wonenepa, n'kuukhoma pa chidutswa cha njanji mpaka utupe. Mnyamata amene adakulira pafupi ndi ntchito imeneyi akafika ku Joni sadabwa ndi pop rivet. Amangoona kuti nyundo yasanduka chopanira.

Malo ongoyembekezera

Dzina loti Diepsloot ndi lachiafirikanzi, ndipo limatanthauza ngalande yakuya. Lidali dzina la famu. Mudzi umene ulipo lero udayamba cha m'ma 1995 ngati malo ongoyembekezera a mabanja amene adasamutsidwa ku Zevenfontein, pafupi ndi nyumba za anthu olemera za ku Dainfern. Anthu adauzidwa kuti akhala kanthawi, podikira malo enieni. M'chaka cha 1999 khonsolo idayamba kumanga nyumba za njerwa, koma m'chaka cha 2001 boma la Gauteng lidabweretsanso mabanja pafupifupi 5,000 ochokera m'mphepete mwa mtsinje wa Jukskei ku Alexandra. Kalembera wa 2011 adapeza anthu pafupifupi 138,000, ndipo chiwerengerocho chapitirira kukwera. Chigawo china chimatchedwabe Reception Area, ngati kuti anthu ake adafika dzulo.

Chimene chimakokera anthu kuno ndi kuyandikira kwa ntchito. Fourways, Dainfern ndi Steyn City zili chapafupi, ndipo kumeneko kumafunika osamalira maluwa, ogwira ntchito m'nyumba, alonda ndi omanga. Pamodzi ndi anthu a ku Limpopo, Zimbabwe ndi Mozambique, kuli Amalawi. Iwo sadabwere ndi kontirakiti ngati agogo awo a nthawi ya Wenela. Palibe komponi, palibe ndege yobwerera. Munthu amadzipezera yekha mkhukhu wa lendi kuseri kwa nyumba ya wina, n'kumadzuka m'mamawa kukafuna ganyu.

M'mudzi wotere, womangidwa ndi malata, mapaipi opyapyala ndi zitsulo zogula kwa ogulitsa zakale, rivet ili ndi malo ake. Kuwotcherera kumafuna magetsi, pamene mbali zina za Diepsloot zakhala zaka zambiri zopanda magetsi ovomerezeka, ndipo ngakhale kumene aliko, kuzimazima kwa magetsi a Eskom, kumene kudayamba cha m'ma 2007 n'kufika poipitsitsa mu 2023, kunkaimitsa ntchito maola ambiri. Lata lopyapyala limabowoka ukaliwotcherera, zinki wake amatulutsa utsi woipa, ndipo moto wothetheka pakati pa mikhukhu yogundana si wosewera nawo. Rivet ilibe zonsezi. Imagwira lata pa felemu ya geti, chikwangwani cha spaza, mpopi wa madzi a padenga, chitseko, windo la aluminiyamu, ndi chogwirira cha poto. Ilinso ndi ubwino wina umene anthu a m'dera lovuta akuba amaudziwa: simasulidwa ndi sikuludiraiva kapena sipanala. Wofuna kuichotsa ayenera kuiboola, ndipo zimenezo zimafuna nthawi ndi phokoso.

Rivet ikakula, dzanja limachepa

Apa ndi pamene funso loyamba lija limabwera. Ma pop rivet amapezeka m'misinkhu yodziwika: mamilimita 2.4, 3.2, 4.0, 4.8 ndi 6.4. Ka rivet gun kofala, kooneka ngati pulayala, kamakoka bwino a aluminiyamu mpaka 4.0, ndipo a 4.8 kamakoka movutikira. Ukapitirira apo, kapena ukatenga rivet yachitsulo kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri, nkhani imasintha. Rivet ya 6.4 ndi yonenepa kawiri kuposa ya 3.2, koma chitsulo chimene uyenera kutupitsa ndi kudula chimachuluka pafupifupi kanayi. Dzanja limodzi silikwanitsa. Amene amakakamiza amapinda zogwirira, kapena amasiya rivet yosamangika bwino, imene imayamba kugwedera geti likatsekulidwa kangapo.

Pa ma rivet akuluakulu pali zida ziwiri zamanja. Choyamba ndi cha mikono iwiri yaitali, pafupifupi theka la mita, chimene amachigwira ndi manja onse ngati sizasi yodulira mpanda wa maluwa. Kutalika kwa mikonoyo ndi kumene kumachulukitsa mphamvu. Vuto lake n'lakuti chimafuna malo otambasulira, choncho m'kanjira kopapatiza ka pakati pa mikhukhu, kapena pakona, chimavuta. Chachiwiri ndi chimene amachitcha lazy tong, chopindika ngati mvukuto, chimene umachikankha ndi thupi lonse. Chimafulumira ngati ma rivet ndi ambiri pa chitsulo cholimba, koma chimafuna kuti kuseri kukhale kotsamira. Pa khoma la lata lopanda felemu chimangobonyola lata, ndipo kamsomali kakaduka chidacho chimadumpha n'kukanda penti.

Posankha, mmisiri wodziwa amayang'ana zinthu zingapo. Amaonetsetsa kuti pa timilomo tosinthasintha tobwera ndi chidacho palidi ka 6.4, ndiponso kuti msinkhu wolembedwa pa paketi ukunena za rivet yachitsulo, osati ya aluminiyamu yokha. Amafunsa ngati mano a mkati, amene amaluma kamsomali, amagulitsidwa padera, chifukwa ndi amene amayamba kutha, ndipo akatha chida chimangoterereka. Amasankha chida cha thupi lachitsulo. Ndipo amadziwa kuti chida chabwino sichikonza bowo loipa. Bowo liyenera kuposa rivet ndi kagawo kamodzi ka magawo khumi a milimita: 4.9 pa rivet ya 4.8, ndi 6.5 pa ya 6.4. Kutalika kwa rivet kuyenera kugwirizana ndi kuchindikala kwa zitsulo zonse ziwiri. Pa lata lopyapyala pamafunika rivet ya mutu waukulu kapena washala kuseri, apo ayi mphepo idzang'amba lata n'kusiya rivet ili chilili. Pamalo ofika mvula, rivet yotseka kumapeto ndi imene sidontha, ndipo aluminiyamu wokhudzana ndi chitsulo pachinyontho amadyeka msanga. Ziliponso zida za batire zimene zimachita zonsezi mwa kungodina, koma mtengo wake suli wa munthu wa ganyu.

Kulemera kwa chida

Kusiyana kwa zida ziwirizi ndi kusiyana kwa ntchito. Wa kachida kakang'ono amakonza: poto, chidebe, chitseko chogwedera. Wa chida chachikulu amapanga: geti, kanopi ya bakkie, shedi ya galimoto, bokosi la ngolo. Ntchito zoterezi zimalipira bwino, ndipo zimamutulutsa munthu mu Diepsloot kupita naye kumipanda ya ku Fourways. Ndiko kuchoka pa uthandizi kufika pa umisiri, sitepe imene agogo ake adakanizidwa ndi lamulo.

Koma kwa mlendo, kugula chida cholemera ndi kubetcha. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zidayambira ku Alexandra n'kufika ku Diepsloot m'masiku owerengeka, ndipo m'dziko lonse mudafa anthu 62. Mu Epulo 2015 boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake zothawa ziwawa za ku Durban. Mu Epulo 2022 mwamuna wina wa ku Zimbabwe adaphedwa ku Diepsloot komweko ndi gulu limene linkayenda khomo ndi khomo kufunsa mapepala. Wothawa usiku amatenga chimene chakwana m'thumba. Wogwidwa n'kupita naye ku Lindela, malo osungirako oyembekezera kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp, amasiya zonse m'mkhukhu. Choncho ndalama ikapezeka, mmisiri wachimalawi amaiyeza kawiri: agule chida choti chimukweze kuno, kapena atumize kumudzi igule malata a nyumba yake? Ambiri amachita zonse ziwiri mosinthana, ndipo zida zina zimakwera magalimoto a matransipota kupita ku Mzimba kapena ku Mangochi, kukadikira tsiku limene mwini wake adzatsegule shopu kwawo.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wenela idamangidwa pa ganizo lomwelo: munthu abwere, agwire miyezi yake, abwerere, asazike mizu. Nayonso Diepsloot idayamba ngati malo a mame, koma papita zaka 30 ndipo anthu ake akumangabe, akulimbitsa mageti, akusintha misomali n'kuika ma rivet. Zidutswa za Chauncy Maples zidafika kunyanja pamitu ya anthu amene mayina awo sadalembedwe paliponse. Mdzukulu wawo wa ku Diepsloot alibe chitetezo chokwanira, ndipo nthawi zina alibe mapepala, koma chida ndi chake, mtengo wa ntchito amatchula yekha, ndipo geti limene wamanga limadziwika m'dera lonse kuti adamanga ndani.